Wochapa Nsalu ndi Oyilo Wakuda

Panali munthu wina amene ntchito yake inali yochapa. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anachapa nsalu za pachipatala china cha mishoni: zofunda za odwala, zovala za anamwino, matawulo a m'chipinda cha opaleshoni. Dzina lake linali Kamtedza. Ankadziwa banga lililonse ndi chimene limaopa. Banga la magazi limafuna madzi ozizira. La mafuta limafuna otentha. La dzimbiri limafuna ndimu ndi dzuwa. Pa zaka zonsezo sanabwezeredwepo nsalu ngakhale imodzi kuti akachapenso.

Atapuma pantchito anabwerera kwawo, kumudzi wina wa m'chigwa, iye ndi mkazi wake Nachisale. Kuti munthu atuluke m'chigwamo ankayenera kukwera chitunda cha makilomita anayi. Msewu wake unali wafumbi, wopapatiza, wokhotakhota. Mbali ina kunali khoma la miyala, mbali inayo phompho. Pamwamba pa chitundacho ndi pamene pankadutsa msewu wa phula wopita kumzinda.

Patapita zaka zingapo, impso za Nachisale zinasiya kugwira ntchito. Madokotala anati moyo wake tsopano udalira makina osefa magazi a kuchipatala chachikulu cha mumzinda, kawiri pa mlungu, Lolemba ndi Lachinayi. Makinawo anali ochepa, odwala anali ambiri. Aliyense anali ndi nthawi yake, ndipo ya Nachisale inali leveni koloko. Wochedwa ankapeza mnzake atagona kale pabedi lija, ndipo panalibe woimba mlandu, chifukwa nayenso mnzakeyo ankafuna moyo. Madzi amene impso zikanatulutsa ankangodzikundikira m'thupi. Ankayambira m'mapazi, n'kukwera m'miyendo, ndipo akachedwa kuchotsedwa ankafika pachifuwa.

Mwana wawo wamkazi, Tinenenji, amene ankagwira ntchito kutali kumpoto, anawasiyira galimoto yake. Inali yakale, yosintha magiya yokha, imene anthu amati otomatiki. Inadutsa m'manja mwa anthu anayi isanafike kwa iye, ndipo manambala a kutsogolo kwa chiwongolero ankasonyeza makilomita oposa zikwi mazana atatu. Kamtedza anaphunzira kuyendetsa ali kale ndi imvi. Kupita kutsogolo ankakhoza, mwaulemu, osapikisana ndi munthu. Kubwerera m'mbuyo ndiye ankaopa. Akafika pachipatala ankazungulira kawiri katatu kufuna malo oti adzatulukire chakutsogolo. Galimotoyo ankaitsuka tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene sinayende.

M'mawa wina galimoto ija inachedwa kugwira. Anaika giya pa D, iyo inangokhala chete ngati ikuganizira, kenako n'kudzidzimuka, n'kunyamuka. Ulendo wotsatira inachitanso chimodzimodzi. Kamtedza anatsegula boneti. Kandodo koyezera oyilo wa injini ankakadziwa, koma chakumbuyo kwake anapeza kena kamene anali asanakasololepo. Anakasolola, n'kukapukuta pa mpango wake woyera. Oyilo wake anali wakuda, wonunkha ngati chinthu chopserera pamoto. Atamupekesa ndi zala anamva tinthu tokhakhala ngati phulusa.

Mpango uja anauchapa katatu. Banga silinachoke.

Lachinayi lake anafikitsa mkazi wake pa nthawi. Masiku onse ankakhala pambali pa bedi maola anayi, maso ali pa mapaipi awiri a makina aja, ina yotulutsa magazi, ina yowabwezera atasefedwa. Makinawo ankawakhulupirira. Ankaona mkazi wake akulowa akupuma wefuwefu, n'kutuluka akutha kumaliza chiganizo. Koma tsiku limenelo anangoti akukaona matayala, n'kupita kugalaja ina ya kuseri kwa msika.

Atangolowa anaima chilili. Pakona panali makina a matayala ang'onoang'ono, okhala ndi mapaipi awiri ndi timagalasi tiwiri toonera zodutsa m'kati.

"Makina awa amachita chiyani?" anafunsa.

Mwini galajayo anali makaniko wa zaka zapakati, wamimba, woseka msanga. Anatuluka pansi pa galimoto ina akupukuta manja.

"Amatsuka giya bokosi, madala. Paipi iyi imakoka oyilo wakale, iyi imalowetsa watsopano, mpaka wotuluka afanane ndi wolowa."

"Ndiye ndafika pamene ndimafuna."

Makanikoyo anasolola kandodo kaja, n'kukanunkhiza. Anasuzumira manambala a makilomita, n'kuimba kamluzu.

"Oyiloyu anasinthidwa liti?"

"Sindikudziwa."

"Ine ndikuganiza kuti chitsikireni m'sitima yochokera kunja palibe anamukhudzapo. Madala, iyi sinditsuka."

"Makina afa?"

"Makina ali bwino. Galimoto yanu ndi imene yakula."

Anapita pathebulo lake n'kubwera ndi timbale tiwiri tachitsulo, topyapyala, tobooka pakati. Anati Kamtedza atigwire. Kena kanali kokhakhala. Kenako kanali kosalala ngati sosala.

"M'giya bokosi muli timbale totere tambiri. Tikapanikizana, mphamvu ya injini imafika kumatayala. Tikakhala tatsopano timakhakhala ngati aka. Zaka zikamapita timaperepeseka, ndipo fumbi lake limasakanikira mu oyilo. Zakuda mwaonazo si litsiro lochokera panja ayi. Ndi galimoto yomweyi. Timbale tanu tinasalala kalekale, chimene chikutithandiza kugwirana ndi fumbi lake lomwelo. Ndikalikokolola lonse lero, mawa tizingoterereka."

"Ndiye ndiisiye ndi uve wakewo?"

"Ayi. Timakhetsa pang'ono kunsi, gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kuthiramo watsopano. Mumayenda milungu itatu mukumvetsera. Ikavomera, mumabweranso, tikhetsenso pang'ono. Ndipo ngakhale pamenepo sindilumbira. Nkhalamba sitiisambitsa ndi paipi ya ozimitsa moto, madala. Timatenga kansalu."

Anaseka yekha. Kamtedza sanaseke.

"Mwana wanga, madzi oyera ukawathira m'madzi akuda amakhala akuda. Ndachapa nsalu za odwala zaka makumi atatu ndi ziwiri. Sindinatsukuluzepo nsalu m'madzi amene ndachapira."

"Galimoto si nsalu."

"Mkazi wanga ali pa makina ngati amenewa panopa. Paipi ina ikutulutsa, ina ikubwezera. Madzulo ano atuluka akupuma bwino."

Makanikoyo anasiya kuseka.

"Pepani, bambo. Sindimadziwa. Koma mayiwo makina akuwachotsera zimene thupi silikuzifuna. Apa muchotsa zimene galimoto ikudalira. Kwanu kuli zitunda?"

"Chilipo chimodzi."

"Ndiye ndikukupemphani."

Kamtedza anatambasula dzanja kuti alandire makiyi ake. Anati tsidya la msewu waonako galaja ina, ndipo mwina kumeneko samva chisoni ndi litsiro. Makanikoyo anagwira makiyiwo kanthawi, osawapereka. Kenako anapukusa mutu.

"Galimoto ndi yanu," anatero, n'kukoka makina aja.

Kamtedza sanali munthu wamakani. Koma kwa chaka chathunthu anali akuyang'ana matenda amene sakanatha kuwaviika, kuwafikisa kapena kuwayanika padzuwa. Manja ake anali atasowa chochita. Tsopano apa panali chinthu chimodzi chakuda chimene chikanayera iye akuona. Anaima pafupi ndi kagalasi kaja. Oyilo wotuluka anayamba ali bii, kenako anasanduka wofiirira, kenako anafiira psuu ngati wolowa uja. Pachifuwa pake panapepuka. Anali atakhala nthawi yaitali osamva choncho.

Kamtedza sanamuuze mkazi wake zimenezi. Pobwerera galimoto inayenda mofewa pa phula, ndipo chitunda chija anachitsika, sanachikwere. Lamulungu anapita nayo kutchalitchi, njira yake yachidikha. Inagwira msanga, osaganizira. Iye mumtima anati makaniko uja amangoopa.

Kuchoka Lachinayi kufika Lolemba ndi masiku anayi, ndipo Lolemba ndi limene linkakhala tsiku lovuta. M'mawa umenewo mapazi a Nachisale anakana kulowa m'patapata. Kugona chagada kunali kutamukanika, moti kunamuchera atatsamira khoma. Mawu ankawatulutsa awiriawiri, n'kupuma. Kamtedza anamukhazika kumpando wakumbuyo, n'kumutchinjiriza ndi mapilo atatu. Ananyamuka hafu seveni. Ulendo wonse unali wa maola awiri, koma iye ankakonda kufika nthawi ikadalipo.

Kilomita yoyamba ya chitunda anaikwera bwino. Atangodutsa pokhota pachiwiri, pamene msewu umayamba kuima, injini inakweza mawu koma galimoto sinawonjezere liwiro. Anapondanso moto. Injini inalira kwambiri, galimoto n'kumafooka, ngati munthu wothamanga m'matope, chonsecho pansi panali pouma gwa. Kenako inaima. Kenako inayamba kutsetsereka chobwerera.

Anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, n'kukoka handibuleki.

Anayesa giya ya 2. Anayesa ya L. Injini inkangobangula, matayala osasuntha. M'galimoto munalowa fungo lopserera lija, lomwe analimva pa mpango. Anazimitsa injini kuti izizire, n'kudikira mphindi khumi. Anayesanso. Galimoto inanjenjemera, inasuntha mwina phazi limodzi, n'kuleka.

Anatulutsa foni. Pakati pa miyala ija panalibe netiweki. Anatuluka, n'kuyang'ana kumtunda ndi kumunsi. Lole ya m'chigwamo inkadutsa masiku a msika okha, Lachitatu ndi Loweruka. Njinga zamoto zinkadutsa mwa apo ndi apo, koma Nachisale sakanatha kukhalapo ngakhale atamumangirira. Anaganiza zomubereka. Pamwamba panali patatsala makilomita awiri ndi theka, ndipo chifuwa chodzaza madzi chikapanikizika pamsana wa munthu sichipuma. Wotchi yake inati eyiti koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri.

Analowanso m'galimoto n'kukhala, manja pachiwongolero.

"Bambo a Tinenenji," anatero mkazi wake kumbuyo. "Mwaichita… chiyani?"

"Ndinaitsukitsa."

"Kunja?"

"M'kati."

"Anakuuzani… ndani?"

"Amene amadziwa anandiletsa."

Kumbuyo kunkangomveka mpweya ukulowa movutikira, ngati ukudutsa pa nsalu yonyowa.

"Inu," anatero Nachisale, "akanakulolani… mukanachapa… ndi dothi lomwe."

Kamtedza anaona kuti chatsala n'kubwerera kumudzi, akafunefune wa ngolo kapena aliyense. Ankadziwa bwino kuti ngolo ikafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, bedi lija litapita kale kwa wina, ndipo kuti mkazi wake sakanafika Lachinayi.

Chakumunsi pang'ono, mbali ya khoma, panali malo otakasuka pamene okonza msewu ankakumba miyala. Apo ndi pokhapo pamene galimoto ikanatembenukira. Analiza injini, n'kuika giya pa R, yobwerera m'mbuyo, imene ankaipewa masiku onse. Anamasula handibuleki, n'kutsika pang'onopang'ono, mpaka kumbuyo kwa galimoto kunaloza pokumbidwa paja. Pamalopo nthaka inkakwera cha kukhoma. Anaponda pang'ono, akuyembekezera kubangula kuja.

Galimoto inalumpha. Matayala anamwaza timiyala, ndipo inakwera kamtunda kaja mwamphamvu moti akanachedwa kuponda buleki akanagunda khoma.

Anakhota chiwongolero, n'kuilola kuti itsetsereke yokha kubwerera mumsewu. Tsopano mphuno yake inaloza kumudzi. Madenga a malata ankaoneka pansi, akung'anima. Kungochotsa phazi pa buleki, mphindi khumi akanakhala ali pakhomo.

"Kubwerera," anatero Nachisale, "ikudziwa."

Kamtedza sanachotse phazi. Anakumbukira timbale tiwiri tija. Pa makilomita onse aja, galimotoyo inayenda angati chobwerera? Timbale ta kutsogolo tinaperepeseka ndi maulendo a anthu asanu. Ta m'mbuyo tinali tisanagwire ntchito kwenikweni, ndipo iye mwini, ndi mantha ake, anali atatisunga.

"Nachisale. Mungathe kukhala cham'mbali, muziona pagalasi la kumbuyo?"

"Mukufuna… chiyani?"

"Tikwera chafutambuyo."

"Inu? Amene mumalephera… kutuluka… pageti la tchalitchi?"

"Ine ndemwe. Koma sinditha kuona m'mphepete. Muzindiuza."

"Mutiphera… kuphompho."

"Mwina. Koma kumudzi ndiye ndakuphani kale."

Mkaziyo anayamba kudzikoka, pang'onopang'ono, mpaka anatsamira chitseko, nkhope italoza kumtunda. Ntchito yaing'ono imeneyo inamudyera mpweya wonse. Atapezanso mawu anati, "Ndikati khoma… muthawire kukhoma. Ndikamenya mpando… muime."

Kamtedza anaika giya pa R. Anatembenuka, dzanja lamanzere n'kukoleka pampando wa pambali pake, lamanja pachiwongolero. Ndipo potembenukapo anakumana ndi nkhope ya mkazi wake, pafupi, pakati pa iye ndi msewu. Anazindikira kuti papita miyezi asanaiyang'anitsitse. Pachipatala ankayang'ana mapaipi. Panjira ankayang'ana msewu. Kunyumba ankayang'ana mapazi, kuti aone pamene madzi afika. Tsopano panalibe kothawira. Zikope zinali zotupa, milomo yotuwa. Maso okha ndi amene anali omwe aja.

Anaponda. Galimoto inayamba kukwera.

Inkayenda liwiro la munthu wapansi, ikulira kaliridwe kake ka m'mbuyo, kokwera, kosasintha. Manja ake ankasokonezeka. Akafuna kuti kumbuyo kupite uku, dzanja linkakhotera uko.

"Khoma."

Anakhota.

"Khoma! Uko… n'kuphompho!"

Anakhotera kwinako. Pansi pa tayala lakumbuyo panamveka miyala ikugumuka, n'kumagubuduka, n'kumagubuduka, phokoso lake n'kuzimirira lisanafike pansi. Thukuta linalowa m'maso mwake. Analibe dzanja loti apukutire.

Anadutsa pamene inawafera paja. Anadutsa mtengo wa mkuyu umene unamera m'mng'alu wa thanthwe. Khosi linayamba kuwawa, kenako phewa, kenako msana wonse. Nachisale ankangoti, "Khoma. Wongolani. Choncho. Khoma pang'ono." Sanamumvepo akulamula chotero chikwatiranireni, ndipo iye sanamverepo munthu chotero.

Pokhota pachitatu ndi pamene panali poopsa kwambiri, chifukwa thanthwe linkabisa zochokera kumtunda. Ali pakati pokhota, Nachisale anamenya mpando kawiri. Kamtedza anaponda buleki. Pomwepo njinga yakapalasa yosenza matumba atatu a makala inatulukira, mwini wake akukwekwesa nsapato pansi kuti aime. Inadutsa pakati pa galimoto ndi khoma, thumba limodzi likukhula chitseko.

"Mwaledzera m'mawa uno, madala?" anakuwa wamakalayo akutsetsereka. "Galimoto imayenda chotero kwanu?"

Kamtedza sanamumve bwino. Mantha ake anali akuti, poti waima pamalo otsetsereka, mwina galimoto siigwiranso. Anachotsa phazi pa buleki n'kuponda moto. Kwa kamphindi panalibe chinachitika. Kenako inagwira.

Kuyambira pamenepo analumbira mumtima kuti saimanso.

Kilomita yomaliza ndi imene inali yoima kuposa zonse. Injini inatentha, fungo lake linadzaza m'galimoto. Ndipo mawu a Nachisale anayamba kuchepa. "Khoma" anasanduka mpweya chabe. Kenako analekeratu. Mutu wake unapendekera pagalasi, maso atatseguka pang'ono, chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira ngati cha mbalame.

"Nachisale!"

Sanayankhe.

Phazi lake linafuna kupita pa buleki. Thupi lonse linafuna kuima, kutsika, kumugwira. Koma anaona dzanja la mkaziyo lili pamwamba pa mpando, ndipo chala chimodzi chinali chitadzuka. Chinaloza kukhoma. Iye anakhotera kukhoma. Chinawongoka. Iye anawongola. Anakwera mtunda wotsalawo akutsatira chala chimenecho, akulankhula yekha mawu amene pambuyo pake sanawakumbukire.

Kenako kulira kwa injini kunatsika. Matayala akumbuyo anagunda m'mphepete mwa phula.

Pamphambanopo panali kamsika, ndipo minibasi imodzi inali itaima kudikira kuti idzaze. Amayi ogulitsa mbatata ndi amene anayamba kuona galimoto ikutuluka m'chigwa chafutambuyo, itayera ndi fumbi, dalaivala wake atapotoza khosi. Anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Madala!" anakuwa woitanira minibasi. "Kumzinda ndi uku! Inu mwayang'ana kumudzi!"

Kamtedza anazimitsa injini, n'kutuluka, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Kuseka kunatha. Dalaivala wa minibasi anasuzumira kamodzi kokha, n'kuuza amene anakhala kutsogolo kuti asamukire kumbuyo. Amayi awiri anasiya mbatata zawo n'kuthandiza kunyamula wodwalayo pamodzi ndi mapilo ake. Minibasi inanyamuka mipando isanu ilibe anthu, ndipo panjira sinaimire aliyense.

Anafika leveni koloko itatsala mphindi zochepa. Namwino anali ataima pakhomo ndi pepala la mayina m'manja. Bedi linali likadali lopanda munthu.

Kamtedza anakhala pampando wake wa masiku onse. Khosi lake linali litauma lili chopotoka, moti sankatha kuliwongola kuti ayang'ane makina. Patatha maola awiri Nachisale anatsegula maso, n'kupuma mpweya umodzi wautali, wofika pansi.

"Khosi lanu latani?" anafunsa.

"Lakana kubwerera."

"Lisiyeni choncho. Mukundiona bwino."

Galimoto ija sinayendenso chakutsogolo. Awiriwo anasamukira kwa mbale wina wa pafupi ndi msewu wa phula, ndipo Nachisale anakhala ndi moyo mpaka kukolola kwa chaka chotsatira.

Inu amene mukumva, pakati panu pali anthu amene ayenda ulendo wautali. Mukawayandikira mumaona zakuda: jekete la womwalira likadali pa msomali, kapu imene salola wina kumwera, nkhani imodzimodzi imene amaibwereza ngati simunaimvepo. Manja anu amayabwa. Mumabwera tsiku limodzi ndi matsache ndi mawu abwino, mumati iwalani, yambani moyo watsopano, ndipo pochoka mumasiya nyumba ili mbee. Mumatero chifukwa cha chikondi, ndiponso chifukwa chakuti chisoni cha mnzanu chakusowetsani chochita.

Musafulumire. Zina mwa zakudazo si litsiro. Ndi munthu yemweyo, zimene zinaperepeseka pa iye panjira, ndipo ndi zimene akugwirira kuti adzuke m'mawa. Ngati pali chochotsa, chotsani pang'ono. Mupite, mumvetsere, mudzabwerenso.

Ndipo mukakumana ndi wina akukwera chitunda nkhope italoza kumene wachokera, musamufunse ngati wasokera. Mupatukireni. Akukwera.